Njira imene ndinadutsa pofufuza mbiri ya anthu a ku Carthage

Chimene chinandikoka poyamba ndi njovu. Ndinamva kuti mkulu wa asilikali wina, Hannibal, anaoloka mapiri a Alps ndi njovu mu 218 BC kuti akamenye Aroma kwawo komweko. Ndinafuna kudziwa kuti munthu wolimba mtima chonchi anali wa kuti, ndipo funso limenelo linandidyera miyezi iwiri yowerenga pa foni usiku.

Zaka ndi zimene zinayamba kundizunguza mutu, chifukwa za BC zimawerengedwa chobwerera. Ndinatenga pepala n'kulemba mzere umodzi: 814, chaka chimene olemba akale amati mzinda wa Carthage, kwawo kwa Hannibal, unakhazikitsidwa, 264 mpaka 241, nkhondo yoyamba ndi Aroma, yolimbirana chilumba cha Sicily, 218 mpaka 201, ya Hannibal, amene anapambana ku Cannae mu 216 koma n'kugonja ku Zama mu 202, kenako 149 mpaka 146, pamene mzinda unawonongedwa. Pepalalo ndinalimata pakhoma, ndipo chilichonse chatsopano ndinkachipezera malo pamzerewo. Mukayamba popanda zimenezi, mayina a Hamilcar, Hasdrubal ndi Hanno, amene anthu ambirimbiri ankatchedwa, adzakusocheretsani.

Kenako mapu. Mabwinja a Carthage ali pafupi ndi Tunis, ku Tunisia. Oyambitsa mzindawu anachokera ku Tyre, m'dziko limene lero ndi Lebanon. Apa ndinamasuka, chifukwa ameneyu ndi Turo wa m'Baibulo uja, kwa mfumu imene inatumizira Solomo mitengo ya mkungudza. Dzina lenileni la Carthage linali Qart-Hadasht, kutanthauza mzinda watsopano. Atsogoleri awiri amene ankasankhidwa chaka ndi chaka ankatchedwa ndi liwu lofanana ndi la Chiheberi limene ife timalimasulira kuti Oweruza.

Povuta penipeni panali apa. Nditawerenga kwa milungu ingapo ndinazindikira kuti sindinamvepo mawu a munthu wa ku Carthage akudzifotokoza yekha. Mzinda utagwa, Aroma anapereka mabuku ake kwa mafumu a mu Africa oyandikana nawo, ndipo anatayika. Amene anawasamala ndi mabuku 28 a ulimi a Mago, omwe analamula kuti amasuliridwe m'Chilatini. Nawonso lero atsala tizidutswa togwidwa mawu ndi ena. Otiuza nkhani ndi Livy, Mroma, ndi Polybius, Mgiriki amene anali bwenzi la Scipio Aemilianus, mkulu wa asilikali a Aroma amene anawononga Carthage, ndipo anali naye pamene mzinda unkapsa. Zili ngati kuweruza mlandu wa malire a munda mutangomva mbali ya amene analanda mundawo.

Ndiye ndinadziikira lamulo: pa nkhani iliyonse ndizifunsa kuti wanena ndani, anakhalako liti, ndipo ankapindula chiyani. Lamuloli linagwetsa msanga nkhani yotchuka yoti Aroma anawaza mchere pamabwinja kuti pasamerenso kanthu. Palibe wolemba wa nthawiyo amene anainena. Nthano ya Dido, mfumukazi imene amati inayambitsa Carthage, yomwe inapempha malo okwana chikopa cha ng'ombe kenako n'kuchilezaleza timizere tozungulira phiri lonse la Byrsa, ndinaisunga monga nthano basi, ngakhale imandisangalatsa kwambiri.

Koma si zonse zimene adani ananena zimene zinagwa. Ndinkafuna kuti nkhani yopereka ana nsembe ikhale bodza la Aroma. Kenako ndinawerenga za Tophet, malo amene anapezeka mu 1921, okhala ndi mitsuko yambirimbiri ya phulusa la makanda ndi la ana a nkhosa, pamodzi ndi miyala yolembedwa zowinda kwa milungu yawo, Baal Hammon ndi Tanit. Akatswiri ena amati anali manda a ana omwalira okha, ena amati zinali nsembe ndithu. Ine ndimapendekera kwa achiwiriwa, chifukwa mawu a pamiyalayo ndi a munthu amene akuthokoza mulungu pomva pemphero lake, osati a kholo lolira maliro.

Zimenezo zinanditumiza ku zimene zili m'nthaka, ndipo n'kumene ndikanayambira ndikanadziwa. Fufuzani zithunzi za doko lozungulira la zombo zankhondo, limene wolemba mbiri wakale Appian anati linkasunga zombo 220. Onaninso nyumba za pa Byrsa, zimene zinapulumuka chifukwa Aroma anazikwirira posalaza phirilo kuti amangepo zawo. Ine ndinachedwa kwambiri pa Kerkouane, tauni ya anthu omwewa ku Cap Bon, ku Tunisia komweko, imene inasiyidwa ndipo Aroma sanamangeponso. Kumeneko nyumba zambiri zili ndi bafa lakelake, lokhala ndi pokhalira ndi ngalande yotulutsira madzi kumsewu, ndipo pakhomo la nyumba ina pali chizindikiro cha Tanit chopangidwa ndi timiyala toyera pansi pofiira.