Ampulifaya yanga yadya matiranzisita 6 isanayambe kulankhula

Dzulo cha m'ma 9 koloko usiku ndi pomwe ndinapuma, singano ya mita inakwera bwinobwino n'kuima, popanda utsi, popanda fungo la pulasitiki yopserera lija mayi akunyumba afika podana nalo. Miyezi inayi ndikulimbana ndi kabokosi kochepa ngati bakuli la ndiwo. Ndiye ndati ndilembe mutu usanaiwale, mwina wina amene akufuna kupanga ampu yokulitsa mphamvu ya wailesi yolankhulirana pa 7 MHz asapse zala ngati ine.

Wailesi yanga ndi ka QRP, ndiye kuti ya mphamvu yochepa, imatulutsa ma watt 5 basi. Usiku anzathu aku Joni aja, omwe callsign yawo (dzina la pa wailesi) imayamba ndi ZS, ndimawamva ngati ali pakhonde pompano, koma ine ndikaitana amangoti "again again", mpaka kutopa. Ndiye ndinati ndipange ampu ya matiranzisita awiri a IRF510 ogwira mosinthana, push-pull, yoyendera batile. IRF510 sanaipangire zawailesi ayi, ndi yozimitsa ndi kuyatsa magetsi m'zipangizo wamba, koma ndi yotchipa ndipo pa 7 MHz imagwira, ngakhale wailesi ya uBITX ya ku India ija kumapeto kwake kuli ma IRF510 omwewa. Za laisensi sindinena zambiri, aliyense akudziwa kuti uyenera kukhala ndi pepala la MACRA ndi callsign yako ya 7Q usanayambe kuponya mawu mumlengalenga.

Chinthu choyamba, ndipo ndichibwereza mpaka munyansidwe: pezani babu la galimoto, la mabuleki lija la 21W, mulilumikize pa waya wa positive pakati pa batile ndi ampu. Zinthu zikakhala bwino babu limangokhala chete, koma ampu ikafuna kumeza moto wambiri babu limawala n'kuutsekereza usanafike ma amp awiri. Ine nzeru imeneyi ndinaipeza matiranzisita 6 atapita kale.

Awiri oyamba anafa chifukwa cha kathirima ka bias, kopotoza kochunira moto womwe tiranzisita imadya ili chete. Ndinatenga 5V kuchokera pa karegyuleta ka 78L05 kupita pa gate, mwendo wotsegulira tiranzisita, kudzera pa kathirimako, ndiye ndinaganiza kuti ndakapotoza mpaka ziro, osadziwa kuti miyendo ndinalumikiza motembenuza, ziro wangayo anali 5V yonse. IRF510 imayamba kutseguka gate ikafika pakati pa 2V ndi 4V, ndiye 5V ndi chitseko chotsegula kale. Nditangogunditsa waya pa batile ndinamva kuti thi! kenako kafungo. Yezani ndi mita pa gate penipeni musanaike matiranzisita, muone ziro ndi maso anu. Kenako mukwezeko pang'onopang'ono, imodzi imodzi, mpaka iliyonse izidya cha m'ma 100 mA. Ndipo mudikire mphindi zingapo mukuyang'ana mita, chifukwa ikatentha imatseguka msanga, ndiye moto umakwera wokha iwe osakhudza kanthu.

Koma zomwe zinandibowa kwambiri si za matiranzisita ayi. Ndi tsiku lomwe ndinakatenga ma toroid.

Timphete tija tokulungapo waya sitipezeka m'mashopu mwathu muno, ndinayenda Limbe yense, wina anandionetsa tochotsa mu power supply ya kompyuta akuti ndi tomweto bwana, koma ayi, tija ndi tosefera phokoso la magetsi, pa 7 MHz timangotentha n'kudya mphamvu yako. Ndiye ndinaitanitsa kunja ma T50-6 achikasu aja, ma FT37-43 ndi BN43-202 wa mabowo awiri uja. Kapaketi konse kangakwane m'thumba la malaya. Patatha masabata ambirimbiri uthenga unabwera kuti kafika ndikatenge. Ndinadzuka m'mamawa ku Zomba, minibasi yake yoima paliponse, kufika pa ofesi yotengera katunduyo 9 koloko. Mayi wa pa windo loyamba akuti dikirani wotsegula katundu sanabwere. Ndinakhala pa benchi mpaka 11. Atabwera mkuluyo anang'amba kapaketiko n'kukhuthulira timphete patebulo, kamodzi kanagubuduka mpaka pansi pa kabati, ine mtima uli m'mwamba chifukwa ferrite ikagwa pa simenti imasweka ngati mbale yadothi.

"Bambo, izi ndi chani? Ndi maginito?"

Ndinati ayi bwana, ndi zokulungapo waya wa wailesi.

"Ndiye mukagulitsa?"

Ndinati ayi ndi zanga zoseweretsa kunyumba. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, bambo wa imvi ngati ine kumati zoseweretsa. Kenako akuti sakudziwa kuti azilembe m'gulu lanji, tidikire abwana, ndipo abwanawo atuluka. Abwana kubwera 2 koloko, kusaina pasanathe ndi mphindi imodzi, ndiye kukalipira windo lina, kumeneko akuti netiweki palibe. Ndinagona kwa mlamu wanga ku Ndirande tsiku limenelo chifukwa cha timphete tokwana m'dzanja, ndipo ndalama yomwe ndinalipira m'mawa mwake kuphatikiza thiransipoti inaposa mtengo wa katunduyo. Mxii. Ndiye ngati mukuitanitsa, itanitsani zonse kamodzi, ma toroid owonjezera, ma mica, makapasita, matiranzisita osachepera 10, kapena mutume wachibale wochokera ku Joni abwere nazo m'chikwama. Musapite pa benchi ija kawiri. Ndipo musindikize chithunzi cha chinthucho ndi risiti yake, mukangowaonetsa, kulongosola ndi pakamwa simuthana nawo.

Ndabwerera ku matiranzisita. Awiri achiwiri ndinawapha ndi dyera. Ndinalowetsa ma watt 5 onse a wailesi mu ampu poganiza kuti ukaipatsa zambiri itulutsanso zambiri. Koma werengani nokha, ma watt 5 pa 50 ohm nsonga yake imapitirira 22V, pomwe gate ya IRF510 malire ake ndi 20V. Gate ndi kachikopa kopyapyala, kakabooka basi kwatha, tiranzisita imaoneka yatsopano kunja koma ukayeza miyendo yonse yagwirana. Mankhwala ake ndi ma resistor atatu kutsogolo, 150 ohm kupita pansi, 39 ohm pakati, 150 ohm ina kupita pansi, zimatsitsa 5 W kufika pa 1 W ndi kakota. Wa 150 woyambayo akhale wamkulu ndithu, amatentha.

Eya ndinaiwala za heatsink, chitsulo chochotsa kutentha chija. Yanga ndinachotsa mu inverter yakufa kwa amisiri okonza mawailesi mumsika, anandipatsa motchipa. Chitsulo cha kumsana kwa IRF510 ndi drain, chili ndi moto wa batile, ndiye sichiyenera kukhudza heatsink. Pamafunika mica pakati, kawashala ka pulasitiki pa sikuluwu, ndi phala loyera lija lopaka. Ine nditaboola bowo sindinapale m'mphepete, kachitsulo kotsalira kanaboola mica, ma fyuzi atatu anapsa ndisanadziwe chomwe chikuchitika. Palani bowolo, mukamanga yezani ndi mita pakati pa chitsulocho ndi heatsink, isalire.

Dummy load, yolowa m'malo mwa eriyo poyesa, nayo musachite nayo ulesi. Ma resistor 20 a 1k olumikiza mogundana mitu onse amapereka 50 ohm, akakhala a 2W aliyense ndiye ma watt 40, okwanira. Asakhale oyera a simenti aja, mkati mwake ndi waya wokulunga, pa mafunde a wailesi amasanduka koyilo. Awiri omaliza aja anafera pamenepa, osati chifukwa dummy load panalibe ayi, koma pulagi ya PL-259 kamtima kake ka pakati sodala sinagwire, ndiye ampu imakankha mphamvu kupita poti palibe. Kunja pulagi imaoneka bhobho. Tsiku limenelo ndinatseka chitseko n'kukakhala panja osalankhula ndi munthu, mwana wanga kubwera akuti adadi kwagwanji, ndinangoti pita ukasewere.

Apa ndi pomwe babu linalowa. Nditaika awiri ena, bias ili bwino, wailesi yozimitsa, ndikangoyandikitsa dzanja pa bolodi babu lija ngwee kuwala, kuchotsa dzanja likuzima. Nthawi zina limawala lokha, ndipo kawailesi ka mayi kukhitchini kamayamba kusokosera. Ampu inali ikudziimbira yokha, zotuluka kumapeto zimabwereranso ku gate n'kumazungulira. Popanda babu awa akanakhala a nambala 7 ndi 8. Sabata ziwiri ndinataya ndikusintha makapasita omwe analibe mlandu, pomwe vuto linali mamangidwe anga, mawaya ataliatali ngati nsambo ya zovala, pa bolodi ya timabowo ija, ground yake kawaya kamodzi kozungulira konse.

Ndinaphwasula zonse n'kuyambiranso pa bolodi ya kopa yosadula, kopa yenseyo ndiye ground, chilichonse chopita pansi ukungosodala pomwepo. Miyendo ya matiranzisita ndinaidula kufupi, pa gate iliyonse resistor ya 10 ohm yomata pamwendo penipeni osati patali, thiransifoma yolowera mbali ino yotulukira mbali inayo, ndipo polowera moto wa batile 100nF awiri ndi 470uF imodzi. Nditayatsa ndinayendetsa dzanja pamwamba ponse ngati sing'anga, babu zii. Kukongola ilibe, ikuoneka ngati mphemvu zafa chagada, koma yakhazikika.

Fyuluta ya kumapeto musaidumphe ngakhale mwatopa. Ampu yotere simatulutsa 7 MHz yokha, imatulutsanso ana ake pa 14 ndi pa 21 MHz, push-pull imachepetsako wa 14 koma wa 21 amatuluka ndithu, ndipo kumeneko kuli anthu ena akucheza. Yanga ndi makapasita 270, 680, 680 ndi 270 pF, makoyilo atatu pa T50-6, mizere 19, 21 ndi 19. Powerenga, nthawi iliyonse waya akadutsa pabowo ndi mzere umodzi, osawerengera kunja. Ndipo waya wa vanishi uja mupale bwinobwino kumapeto, sodala imatha kuzungulira pamwamba ngati yagwira koma mkati ayi, zomwe zija za pulagi. Makapasita akhale a silver mica kapena NP0 opirira ma volt 100 kupita m'mwamba, timphodza ta bulauni totchipa tija timatentha n'kusintha.

Poyeza mphamvu ndilibe chipangizo chodula, ndi ma diode a 1N4148 awiri otsatizana ndi kapasita pa dummy load, kenako mita wamba. Nambala yomwe yatuluka uichulukitse ndi iyo yomwe n'kugawa ndi 100. Yanga inaonetsa 42V, ndiye pafupifupi ma watt 18, batile itadzadza. Apa babu umalichotsa kaye chifukwa limatsamwitsa ampu ikamakoka ma amp oyandikira atatu, m'malo mwake fyuzi ya 5A. Koma ukangosintha kanthu kalikonse pa bolodi, ngakhale kusodala mwendo umodzi, babu libwerere kaye. Ndanena kale eti? Babu.

Chowawa n'choti kuchoka pa 5 kufika pa 18 W, kwa womvera uko singano yake yoyeza mphamvu ya wolankhula m'manambala a S imangokwera pafupifupi S imodzi basi, popeza S imodzi imafuna kuti mphamvu ichuluke kanayi. Miyezi inayi, matiranzisita 6, kugona ku Ndirande, zonsezo S imodzi. Munthu wanzeru akanayamba wakweza eriyo yake pamwamba pa mtengo wa bulugama, waya ndi nsungwi sizidutsa pa ofesi ija. Komabe dzulo nditaitana, mkulu wina wa ZS6 anayankha ulendo woyamba womwewo, callsign yanga anaitchula yonse osaphonya, anandipatsa 5 ndi 6, kutanthauza kuti ndikumveka bwino ndipo singano yake ili pa S6. Ndinagwira heatsink, yofunda chabe.

M'mawa uno mlamu uja waimba foni, akuti apolisi apamsewu anamuimitsa pa rodibuloko chifukwa buleki ya kumanzere siikuyaka kumbuyo, ndipo atatsegula anapeza mulibe babu. Akufunsa ngati ndikudziwapo kanthu popeza galimotoyo inagona kwathu mwezi watha. Ndamuuza kuti ndimuimbira madzulo.