Zipolopolo 20 Zokha, ndi Manja Amene Mafilimu Saonetsa

Lachitatu usiku. Mphwanga, mwana wa mlongo wanga amene akukhala nafe patchuthi chino, wandisowetsa tulo ndi mawu amene mwina iyeyo waiwala kale. Titangomaliza kudya anabwera ndi foni yake kuti ndione kachigawo ka filimu ya Saving Private Ryan, yonena za Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse, imene Steven Spielberg anatulutsa mu 1998. Ndi chakumapeto kuja, pankhondo yolimbirana mlatho m'tauni yongopeka ya Ramelle, pamene asilikali a ku America akwera pa kasinja amene amupundula, kenako Ajeremani n'kutulukira akukankha mfuti ya mpope wautali n'kuyamba kuwombera. Anthu amene anali pa kasinjapo amanyenyeka m'kanthawi kochepa kwambiri. Mnyamatayo, maso ali pafoni, anati, "Amalume, mfuti iyi ndiye yokoma. Bwanji sanangopanga zambiri zoterezi kuti apambane nkhondo?"

Mawu amenewo anandiwawa, koma sindinamukalipire, chifukwa ndinaona kuti iye akungonena zimene zithunzi zamuphunzitsa. Ndinamuuza kuti akhale pansi, ndipo zimene zinatsatira zinali ngati phunziro la m'kalasi ngakhale kuti sukulu ndi yotseka.

Mfuti ya mufilimuyo ndi Flak 38, yowombera zipolopolo za mamilimita 20, zonenepa ngati chala chachikulu cha munthu wamkulu, ndipo zambiri mwa izo zinkaphulika zikagunda chinthu. Inapangidwa ndi kampani ya Mauser pofuna kukonza Flak 30 ya kampani ya Rheinmetall, imene asilikali ankaidandaula kuti imawombera mochedwa. Ntchito yake yeniyeni inali kugwetsa ndege zouluka m'munsi, koma kuyambira pa nkhondo yapachiweniweni ya ku Spain, pakati pa 1936 ndi 1939, Ajeremani anali ataona kale kuti mfuti zowombera ndege zimathandizanso kuwombera magalimoto, nyumba ndi anthu pansi. Pamenepa filimuyo sinaname, ndipo ndimaipatsa ulemu chifukwa sinabise zimene chipolopolo chopangidwira kuboola chitsulo cha ndege chimachita pathupi la munthu.

Ndinamufunsa kuti, "Iwe, ukuganiza kuti mfutiyi inkawombera nthawi yaitali bwanji osapuma?" Iye anati mwina mphindi zisanu, chifukwa mu gemu imene amasewera ndi anzake pafoni munthu amangodina, mfuti n'kumalavula moto mpaka ndege zonse zitagwa. Ndinamuuza kuti magazini ake, kabokosi kachitsulo koikamo zipolopolo, ankalowa zipolopolo 20 zokha, ndipo popeza mfutiyo inkatha kuwombera pa liwiro la zipolopolo pafupifupi 450 pamphindi, magaziniwo ankatha m'masekondi osakwana atatu. Zikatha, munthu ankayenera kuchotsa chitsulo chopanda kanthucho, kunyamula china cholemera n'kuchilowetsa m'mbali mwa mfuti yotentha, ndege ili pamutu pake. N'chifukwa chake pankhondo yeniyeni liwiro linkatsika kufika pa zipolopolo 200 kapena kupitirira pang'ono pamphindi. Anatulutsa foni kuti awerengetse yekha, ndipo ataona kuti masamuwo ndi oona anangoti, "Aa, ndiye kuti ntchito yaikulu inali ya wonyamula uja."

Yankho limenelo linandisangalatsa, chifukwa ndi mfundo imene ndakhala ndikuiona kuti opanga mafilimu amaidumpha. Kamera imakonda munthu wokhala pampando amene diso lake lili pa chida cholozera, imakondanso moto wotuluka kukamwa kwa mpope, koma sikonda anthu amene akuthamanga ndi mabokosi, amene akusintha mpope umene watentha, kapena amene akuyeza kutalika kwa pamene ndege ili n'kumakuwa manambala. Ngakhale mfuti ya mipope inayi ija, Flakvierling 38, imene mphwanga akuti ndi imene amaikonda kwambiri mu gemu yake, inali ndi vuto lomwelo. Inayamba kugwira ntchito mu 1940, ndipo mpope uliwonse unali ndi magazini ake a zipolopolo 20. Wowombera anali ndi zopondera ziwiri kumapazi, chilichonse chowombetsa mipope iwiri yoyang'anizana chopingasa, kuti pamene iwiri ikuwombera, anzake okhala m'mbali athe kusintha magazini a iwiri inayo. Akaponda zonse ziwiri pamodzi moto unkakhala woopsa, koma wa kanthawi kochepa. Pa mfuti imodzi yoteroyo pankafunika gulu la anthu, osati ngwazi imodzi, ndipo ngakhale pamene anaikweza pa thupi la kasinja wa Panzer IV mu 1944 n'kuitcha Wirbelwind, onyamula magazini ankapanikizanabe m'kachipinda kopanda denga.

Pali chinanso chimene chimandinyansa ndikamaonera mafilimu ena a nkhondo imeneyi, ndipo ndinamuuza ngakhale kuti sanandifunse. Amaonetsa mfuti zing'onozing'onozi zikuwombera, kenako n'kuonetsa ndege zikuluzikulu zoponya mabomba zili kumwamba kwenikweni pakati pa utsi wakuda wophulika. Zinthu ziwirizi sizigwirizana. Mfuti ya mamilimita 20 inkathandiza mpaka pa mamita pafupifupi 2,200 okha, pamene ndege za ku America zoponya mabomba masana, monga B-17, zinkauluka pamwamba pa mamita 6,000. Utsi wakuda uja unali wa mizinga ikuluikulu, monga ya mamilimita 88. Zing'onozing'onozi zinkadziwika ndi mizere ya zipolopolo zowala, ndipo amene ankaziopa anali oyendetsa ndege zotsika pansi kukaphulitsa milatho, sitima zapamtunda ndi mabwalo a ndege, komanso ndege zonyamula katundu ndi asilikali a maparachuti. Tiyeneranso kukumbukira kuti zithunzi zambiri zakale za mfutizi, zimene zimabwerezedwa m'mapulogalamu a mbiri yakale, zinajambulidwa ndi magulu a asilikali ofalitsa mabodza a boma la Hitler kuti zionetsedwe mu Die Deutsche Wochenschau, nkhani za mlungu ndi mlungu za m'nyumba za kanema. Zinajambulidwa n'cholinga choti mfutiyo ioneke yamphamvu ndiponso yosatopa, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti patapita zaka zoposa 80, cholingacho chikukwaniritsidwabe pafoni ya mwana wa mlongo wanga.

Sindikukumbuka kuti nthawi inali itakwana chiyani pamene ndinafika pa nkhani imene yandikhalitsa maso mpaka pano. Mayi a kunyumba anali atagona kale. Ndinamufunsa zaka zake, ngakhale kuti ndikuzidziwa, ndipo anati 16. Ndinamuuza kuti kuyambira mu February 1943, boma la Germany, litasowa amuna chifukwa cha imfa zambiri kunkhondo ya kum'mawa yolimbana ndi Soviet Union, linayamba kutenga anyamata a sukulu obadwa mu 1926 ndi 1927, kenako obadwa mu 1928, n'kuwaika pa mfuti zowombera ndege zoteteza mizinda ndi mafakitale. Ankawatcha Luftwaffenhelfer kapena Flakhelfer, ndipo ankawatenga kalasi yathunthu nthawi imodzi. Mmodzi mwa iwo anali Joseph Ratzinger, amene patsogolo pake anadzakhala Papa Benedict XVI, ndipo anatengedwa ali ndi zaka 16 pamodzi ndi anzake a kuseminale n'kuikidwa kufupi ndi Munich. Wolemba mabuku Günter Grass nayenso anadutsa momwemo. Anyamata amenewa ankagwira ntchito pa mizinga ikuluikulu ndi pa mfuti zing'onozing'ono zomwe, ndipo ena anafera pomwepo.

Mphwanga anakhala chete, kenako anafunsa kuti, "Nanga sukulu, amalume?" Ndinamuyankha kuti sukulu inkapitirira, koma mwapatalipatali, chifukwa aphunzitsi ankapita kumalo kumene kunali mfutizo kukaphunzitsa ana amene usiku wonse anali maso, ndipo phunziro linkadulidwa belu lochenjeza za ndege za adani likalira. Ponena zimenezi mawu anga ananjenjemera, chifukwa ine ndine mphunzitsi, ndipo ndinawaona m'maganizo ana anga a Fomu 3 akuwodzera pa makope, manja ali akuda ndi mafuta a mfuti.

Sindikufuna kuti chifundo chimenechi chiphimbe mbali inayo. Mfuti zimenezi zinkateteza boma limene linkapha anthu mamiliyoni m'misasa, ndipo tsiku lililonse limene zinkatalikitsa nkhondo linali tsiku lina la kupha kumeneko. Amene ankagwa nazo analinso anyamata. Ku Arnhem, m'dziko la Netherlands, mu September 1944, ndege za Britain zokaponya chakudya ndi zipolopolo kwa asilikali ozingidwa zinkayenera kuuluka m'munsi, mowongoka, m'kati mwenimweni mwa moto wa mfuti zowombera ndege. Pa 19 September, David Lord, woyendetsa ndege ya mtundu wa Dakota, anapitirizabe kuponya katundu ndege yake ikuyaka, mpaka phiko linathyoka, ndipo mwa onse amene anali m'ndegemo anapulumuka munthu mmodzi yekha. Anapatsidwa mendulo ya Victoria Cross atamwalira kale. Ndinamuuza mphwanga zimenezinso, kuti asachoke ndi maganizo akuti ovutika anali a mbali imodzi.

Asanapite kukagona anandifunsa funso limene sindinaliyankhe. Anati, "Mukanakhala inuyo mphunzitsi wawo, mukanapita kukawaphunzitsa kumfutiko kapena mukanakana?" Ndinamuuza kuti tidzakambirana mawa. Ndakhala pano ndikulitembenuza funsolo. Kupita kukanatanthauza kuthandiza boma kunamiza makolo kuti ana awo akadali ana a sukulu, pamene zoona zake anali atasanduka asilikali. Kukana kukanatanthauza kuwasiya anawo m'manja mwa akuluakulu a nkhondo okha, popanda munthu mmodzi wowakumbutsa kuti kuli masamu, ndakatulo ndi moyo wina nkhondo ikadzatha, komanso kukana lamulo m'dziko limenelo kukanatha kumutengera munthu kundende. Mtima wanga ukupendekera kwakuti ndikanapita, koma ndikafuna kulemba chifukwa chake chimene ndingamuuze mnyamata wa zaka 16 osachita manyazi, ndikupeza kuti theka lake ndi chikondi pa ana ndipo theka linalo ndi mantha, ndipo m'mawa muno adzandifunsanso tikamamwa tiyi.