Tepi ya bambo ndi imene inandiyambitsa bizinesi iyi

Anthu akabwera kudzasiya matepi awo akale a kanema kuti ndiwasamutsire mu mafayilo a pa kompyuta amakonda kundifunsa kuti iwe mwana wadzanadzanali za ma VHS unazidziwira kuti, nde lero ndati ndingofotokoza kamodzi.

Nkhani yoyamba imene ndimaikumbuka pa TV ndi ya pa 11 September 2001, ndili ndi zaka 7. Koma kunena zoona chimene chinatsala mmutu mwanga si nsanja ziwiri zija za ku New York zimene ndege zinagunda ayi, ndi bambo anga ataimirira pakati pa balaza rimoti ili mmanja, osakhala pansi osayankhula, mayi akungoti Mulungu wanga, Mulungu wanga chapansipansi. Ine ndimaona ngati filimu basi, utsi, anthu akuthamanga ali mbuu ndi fumbi, mpaka ndinanyanyala poti makatuni sanaonetse. Mantha anandigwira nditaona kuti akuluakulu nawo akuopa.

Bambo anali ndi chizolowezi chojambula nyuzi pa deki, makina aja oonetsera matepi a VHS. Tsikulo anangotola tepi imene inali pafupi, nkumata selotepi pakabowo kaja (amene munagwirapo VHS mukudziwa, ukathyola kapulasitiki kaja deki imakana kujambula, koma ukamata selotepi imalola) nkujambula pamwamba pa pate ya tsiku lobadwa la mlongo wanga. Mayi nkhani imeneyi anaisunga zaka ndithu, ikangobuka mkangano uliwonse inkatulukamo.

Bambo atatisiya, tikulongedza katundu wawo, tepi ija ndinaipeza mkatoni atailemba ndi bolopeni kuti AMERICA. Ndinabwereka deki, ndinagula kachipangizo kolumikizira deki ku laputopu kudzera pa USB, ndinavutika nako masiku angapo chifukwa mawu amabwera chithunzi osabwera, kenako zinatheka. Ndiye apa mpamene ndinadabwa. Moyo wanga wonse ndimalumbira kuti ndinaona ndege zambirimbiri zikugunda, yoyamba yomwe ndinaiona ndi maso anga zikuchitika. Bodza. Tepi ikuyamba nsanja zonse ziwiri zikuyaka kale, ndipo zimene ine ndimayesa ndege zambiri inali ndege imodzi yomweyo yachiwiri ya 9:03 nthawi ya ku New York, akungoibwereza kuchokera mbali zosiyanasiyana. Yoyamba ya 8:46 palibe TV inaionetsa pompopompo, kanema wake wotchuka uja anajambula Jules Naudet wa ku France amene tsikulo amajambula ozimitsa moto, ndipo anadzaonetsedwa pambuyo pake. Chimene tinaonadi chikuchitika ndi kugwa kwa nsanjazo, ya kumwera 9:59, ya kumpoto 10:28. Anthu pafupifupi 3,000 anafa tsiku limenelo ine ndikulirira makatuni.

Ndinaika kachidutswa ka tepiyo pa status ya WhatsApp, mnzanga wina nkuti kwathu kuli matepi a ukwati wa makolo, ungatithandize? Bizinesi inayamba chonchi basi, ndilibe pulani ndilibe dzina.

Ntchitoyi imafuna mtima wautali. Palibe chidule, tepi ya E-180 ndi maola atatu ndipo uyenera kuisewera maola atatu omwewo, ngati anajambula pa LP (tepi imayenda pang'onopang'ono kuti ilowe zambiri) ndiye asanu ndi limodzi, ukhale pompo kuyang'anira tracking chithunzi chisamavine. Mdani wamkulu ndi nkhungu, timadontho toyera tija timamera tepi ikakhala pachinyezi, ukaiika chonchobe mu deki mahedi, tizipangizo towerenga tepi tija, amatsekeka nthawi yomweyo sikirini nkungochita chipwirikiti. Nde umayamba wapukuta tepi, kenako mahedi ndi sipiriti ya isopropyl, modekha, osagwiritsa thonje poti limakola. Izi ndinaphunzira mowawa, deki inatafuna tepi ya kasitomala wanga wachitatu, ndinamasula tizisikuluu, kudula pokwinyika nkulumikiza, masekondi angapo anapita osabwereranso ndipo ndinachita kukawapepesa pamaso. Madeki nawo sakupangidwanso, kampani ya Funai ya ku Japan imene inatsala yokha inasiya mu 2016, ndiye ndikamva kuti wina akutaya deki yakufa ndimathamangira chifukwa cha malamba ndi mahedi. Pano ndili nawo anayi, oyenda bwino awiri.

Chinthu chimodzi ndinalakwitsa poyamba. Matepi akale anthu amajambula chinthu pamwamba pa chinzake, nde kumapeto kumatsala zidutswa za zimene zinalipo kale, nyuzi, mpira, zotsatsa malonda. Ine ndimadula ndikuti ndi zinyalala, kasitomala akufuna ukwati wake. Mpaka mayi ena achikulire anabwerera fulashi ili mmanja, amvekere mwanawe, maliro a Diana wawaika kuti? Kumapeto kwa tepi yawo kunali mphindi ngati khumi za pa 6 September 1997, William ndi Harry a banja lachifumu la ku Britain akuyenda pambuyo pa bokosi la mayi awo Diana ku London. Mwana wawo wamkazi amene anabwera naye anati iyi ndi nkhani yoyamba imene amaikumbuka, koma iye chimene anasunga ndi maluwa ochuluka aja ndi mayi ake akulira munthu amene sanakumanepo naye. Ndinabwereza ntchito yonse ulele. Kuchokera tsiku limenelo sindidula kalikonse, ndimapereka mafayilo awiri, ina yokonza bwino ina yathunthu mmene tepi ilili.

Pano ndinazolowera kufunsa aliyense, kodi nyuzi yoyamba imene mumaikumbuka pa TV ndi iti? Yankho lake ndimatha kulotera zaka za munthu osaona chiphaso. Akati Mandela akutuluka kundende ya Victor Verster pa 11 February 1990 atagwirana dzanja ndi Winnie, amenewo ndi achimwene anga. Akati tsunami ya pa 26 December 2004 ija inapha anthu opitirira 200,000, ndiye ang'ono anga, ena amati Obama akulumbira mu January 2009. Ndipo pafupifupi onse amayamba ndi amene anali mchipindamo, anakhala pati, ndani anati chete tamvani, nkhani yeniyeniyo imabwera pambuyo, pena yosokonekera ngati yanga ija. Sinditsutsa kasitomala, ndimangoti tiyeni tione tepi.

Tepi ya AMERICA ija ndinadzaionera mpaka kumapeto patapita nthawi, poyamba ndinkalekera panjira. Nyuzi ikutha mwadzidzidzi, mizere ikuvina pang'ono, kenako mlongo wanga uyo ali ndi kachipewa kapepala, masekondi osakwana 40 amene anapulumuka. Bambo sakuoneka poti ndi amene anagwira kamera, akungomveka akuti uzira, uzira mwamphamvu. Ndinawatumizira mayi pa WhatsApp usiku womwewo, anangoyankha kuti nditumizirenso ndaifufuta mwangozi.