Ku Churchill, komwe zimbalangondo zoyera zimadikira kuti nyanja iundane

Ku Churchill kulibe msewu wopitako. Munthu amakwera ndege, apo ayi sitima yapamtunda yochokera ku Winnipeg, yomwe imayenda pafupifupi masiku awiri pa mtunda wa makilomita 1,700. Ine ndinasankha sitima. Mukamalowera kumpoto mitengo imanka nifupika, mpaka imangotsala apo ndi apo, nthambi zake zitaloza mbali imodzi chifukwa cha mphepo. Tauniyi ili m'chigawo cha Manitoba ku Canada, m'mphepete mwa nyanja ya Hudson Bay, ndipo anthu ake sakwana 1,000. Koma mu Okutobala ndi Novembala alendo amachita kudzazana, onse atabwerera chimbalangondo choyera.

Chimene chimasonkhanitsa zilombozi pano ndi njala. Nyanja ya Hudson Bay imasungunuka yonse m'chilimwe, ndiye cha mu Julaye zimbalangondo zimakakamizika kukwera kumtunda. Kuzizira kukayambanso, dera la Churchill ndi limodzi mwa malo oyamba kuundana, poti madzi opanda mchere a mtsinje wa Churchill amaundana msanga, komanso mphepo yochokera kumpoto imakankhira madzi oundanawo kugombe lino. Zimbalangondo zimadziwa zimenezi, n'chifukwa chake zimafika msanga n'kumadikira.

Anatikweza m'chigalimoto chonga basi, cha matayala ofika munthu m'mapewa. Chimbalangondo choyamba kuchiona chinali chitagona kuseri kwa tizitsamba, mutu utatsamira pamiyendo yakutsogolo, ubweya wake wachikasu pang'ono. Tinadikira nthawi yaitali koma sichinadzuke. Bambo wina amene anali ndi kamera yaikulu anayamba kung'ung'udza kuti walipira ndalama zambiri kudzaonera chilombo chaulesi. Mayi amene ankatitsogolera anamuyankha mofatsa kuti: “Bambo, chimenechi chinadya komaliza mu Julaye. Mukanakhala inu mukanamathamangathamanga?” Chimbalangondo chikakhala kumtunda chimataya pafupifupi kilogalamu imodzi tsiku lililonse, choncho kugona kumeneko ndi njira yosungira mafuta a m'thupi kuti afike tsiku limene nyanja idzaundane.

Masana kunabwera champhongo chaching'ono, chachidwi. Chinazungulira galimoto, kenako chinaimirira n'kutsamiritsa mapazi akutsogolo pachitsulo, pansi penipeni pa windo langa. Phazi lake linali lotambalala ngati mbale yodyera, zikhadabo zazifupi zokhota. Mphuno yakuda bii inkagwedera uku ikununkhiza, nthunzi ikutuluka m'kamwa. Kuda kwa mphunoyo ndiwo mtundu wa khungu lake lonse. Ubweya nawo si woyera kwenikweni: tsitsi lililonse ndi loonekera mkati ndipo lili ndi mphako, limangooneka loyera chifukwa cha kuwala. Pansi pa khungu pamakhala mafuta okhuthala mpaka masentimita 10, moti chikathamanga nthawi yaitali chimamva kutentha ngakhale kunja kukuzizira koopsa. Champhongo chachikulu chimatha kupitirira makilogalamu 500.

Thupi lotere silingakhutire ndi zipatso za m'tchire. Chakudya chake ndi nyama ya m'nyanja yotchedwa seal, makamaka mafuta ake, ndipo chikakhuta nyama yotsalayo chimasiyira nkhandwe zoyera. Kusambira chimatha bwino, koma m'madzi seal sichingamupeze liwiro. Chimamugwirira pamwamba pa madzi oundana, pa kabowo kamene iye amatulukira kudzapuma, ndipo chimatha kubisalira pamenepo kwa maola. Nthawi ya zokhetsa dovu ndi kuyambira mu Epulo mpaka mu Juni, ana a seal akachuluka. Mafuta ambiri a chaka chonse chimawapeza m'miyezi imeneyi. Ndiye nyanja ikasungunuka msanga imadula phwando lili pakati, ikachedwa kuundana imatalikitsa njala. Kuno nthawi yopanda madzi oundana yatalika ndi pafupifupi mwezi wathunthu poyerekeza ndi zaka za m'ma 1980, ndipo kuyambira mu 1979 dera la Arctic, lomwe ndi kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, lakhala likutentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse.

Zimene zinandikhudza kwambiri ndi za zazikazi. Zimakwerana cha mu Epulo ndi Meyi, koma bere silikhazikika mpaka chilimwe chitatha, ndipo limakhazikika pokhapokha ngati mayiyo ali ndi mafuta okwanira. Chachikazi chabere sichidikira nawo kugombe. Chimalowera kumtunda, kumalo otetezedwa a nyama zakutchire a Wapusk National Park, n'kukakumba dzenje m'nthaka youndana. Chimaswa cha mu Disembala, kawirikawiri ana awiri, aliyense wosakwana kilogalamu imodzi, osaona. Chimatuluka nawo cha mu Malichi. Mukawerengetsa kuchokera mu Julaye, ndi miyezi pafupifupi 8 osadya, chikhalirecho chikuyamwitsa mkaka wamafuta kwambiri. Pamenepa mwezi umodzi wowonjezera si nkhani yamasewera.

M'zaka za m'ma 1980 kumadzulo kwa Hudson Bay kunali zimbalangondo pafupifupi 1,200. Kalembera wa pandege wa mu 2016 anapeza 842, wa mu 2021 anapeza 618, ndipo zimene zinachepa kwambiri ndi zazikazi ndi ana. N'zoona kuti padziko lonse zilipo pafupifupi 26,000 ndipo si magulu onse amene akuchepa. Koma gulu la kuno ndi limodzi mwa amene akukhala chakum'mwera kwambiri, ndiye likuyamba kulawa zimene magulu ena adzalawe. Ena amati zidzazolowera kudya za kumtunda. Ofufuza anaveka makamera zimbalangondo 20 za dera lino, ndipo zotsatira zimene anatulutsa mu 2024 zinasonyeza kuti 19 zinaonda, kaya zinkangogona kapena zinkayendayenda kudya zipatso, udzu ndi mbalame. Mu 1973 mayiko asanu anasainirana pangano ku Oslo loletsa kuzisaka mwachisawawa, ndipo linathandiza, chifukwa mdani wa nthawi imeneyo anali mfuti. Wa lero akuchokera ku utsi wa malasha, mafuta ndi gasi amene tikuwotcha kutali ndi kuno.

Anthu a m'tauni nawo akuimva njalayi. Ambiri sakhoma magalimoto awo, kuti wokumana ndi chilombo apeze pothawira, ndipo usiku mumamva kuphulika kwa zipolopolo zongoopsezera. Chimbalangondo chikakakamira kulowa m'tauni amachitchera msampha n'kukachitsekera m'chinyumba chakale cha asilikali chimene anthu amangochitcha ndende. Mmenemo chimatha kukhala masiku 30, akuchipatsa madzi okha, kuopa kuti chingazolowere kuti kwa anthu kuli chakudya. Kenako amachigoneka ndi mankhwala n'kuchinyamula mu ukonde pa helikopita kukachisiya kumpoto, kapena amachimasulira kugombe nyanja ikaundana. Pamene ndinkakwera sitima yobwerera ku Winnipeg, nyanja inali isanaundane ndipo m'ndendemo munali mudakali akaidi.