Ndafukula chindalama cha 1797 m'munda wa tirigu

Abale inu, Loweruka lapitali mnzanga wakuntchito, mdala wachizungu, ananditengera ku famu ina ku Lincolnshire, ku England, ati tikasake zakale ndi metal detector, kamakina kofufuzira zitsulo pansi. Mumtima ndimangoti mdalayu alibe chochita eti, kuzizira konseku. Mwini famu anatilola poti anali atakolola kale.

Kamakina kaja kakalira basi umakumba, maola atatu ine kumangofukula misomali, zitini za mowa, chitsulo cha kuphazi kwa hatchi, msana kuwawa ngati ndapalira ekala yonse. Kenako kanalira mwina mwake, kukumba pang'ono ndangoona chindalama chobiriwira, cholemera bwino. Ndimati ndichikweche pamwala mdala uja kukuwa, ayi usatero, tsuka ndi madzi okha! Mbali ina mutu wa mfumu George III, mbali inayo 1797. Amaitcha cartwheel penny, ya kopa, magalamu 28, inasulidwa kufupi ndi Birmingham. Kugulitsa sungapeze zambiri ayi koma ndakhala ndikuionetsa aliyense.

Ikanakhala mphete ya golide ya zaka zoposa 300, lamulo lawo la 1996 limati ukanene pasanathe masiku 14, sungangoiponya m'thumba.

Loweruka lino ndikupitanso, amene ali ndi magambutsi size 9 andibwereke chonde.