Mabawuti atatu oduka pa ekizozi ya Kubota: pomwe ntchito yafika

Loweruka

Thirakitala ndi yaing'ono, Kubota B7100 ya injini ya dizilo ya masilinda atatu. Inakhala panja ku Chigumula nyengo zingapo za mvula, chiperoni chikuinyowetsanso mu June ndi July. Pochotsa manifold ya ekizozi (chitsulo chosonkhanitsa utsi wochokera m'masilinda), mabawuti atatu a M8 (onenepa mamilimita 8) anaduka. Yoyamba yasiya kachitsa ka mamilimita 6 kunja, yachiwiri yaduka mofanana ndi nkhope ya hedi (chitsulo chovindikira masilinda, pomwe manifold imamangidwa), yachitatu yadukira mkati, mamilimita 3 pansi pa dzenje.

Mabawuti a pamalo amenewa amatentha n'kuzizira tsiku ndi tsiku, ndipo dzimbiri likalowa m'mazinga limamanga ngati simenti. Lero sitinapotokole kanthu. Tapala ndi bulashi ya waya, tamenya kachitsa kalikonse pamutu ndi ponchi ndi hamala kuti dzimbiri lisweke, n'kuthira mafuta olowerera m'mazinga. Mafutawo tapanga posakaniza oyilo wa ATF (wa giyabokosi ya otomatiki) ndi acetone (mankhwala osungunula penti), theka ndi theka. Muzikhutchumula musanathire chifukwa ziwirizi zimalekana zikakhala.

Lamlungu

Bawuti yoyamba sinavute. Tinatenthetsa chitsulo chozungulira, osati bawutiyo, kuti dzenje lifutukuke, kenako tinagwira kachitsa ndi vice grip (pulayasi yodzitsekera) n'kumagwedeza pang'onopang'ono, kumasula, kumanga, kumasulanso. Itangoti tswii koyamba tinathiranso mafuta. Inatuluka yonse. Musanayatse moto pukutani acetone yense ndipo botolo likhale kutali, amayaka msanga.

Yachiwiri ndiyo inafuna kuwotcherera nati, njira imene ndimaikhulupirira kuposa zonse. Choyamba chotsani mawaya a batire, ndipo earth ya makina owotcherera (waya wobwezera magetsi) muimange pa hedi penipenipo, pafupi ndi bawuti. Mukaimanga kutali, magetsi amadutsa m'mabeyaringi n'kuwasiya ndi timabala. Phimbani mabowo a ekizozi ndi kachidutswa ka lata, ndipo mapaipi a dizilo muwatchinge.

Ikani washala wa bowo la mamilimita 8 pamwamba pa kachitsa, muwotcherere washalayo ku bawuti kudzera pabowolo. Tinagwiritsa ntchito ndodo yowotcherera ya 6013 ya mamilimita 2.5, pa ma amp pafupifupi 80. Gogodani makoko a pamwamba mpaka chitsulo chiwale, ikani nati ya M10 pa washala, mudzaze mkati mwake. Washalayo amateteza nkhope ya hedi ndipo amapatsa nati pokhala potakasuka.

Nati yoyamba inathothoka. Tinaipotokola ikadali yofiira, pomwe chitsulo chili chofewa ndipo bawuti yafufuma m'dzenje. Yachiwiri tinaisiya mpaka kufiira kutatha, mphindi zisanu kapena kuposerapo, ndipo inamasuka ndi sipanala ya 17. Ubwino wake ndi wakuti kutentha kumafufumitsa bawuti n'kuphwanya dzimbiri, ikamazizira imanyala n'kusiyana ndi mazinga. Nati ikathothoka musataye mtima, kuwotcherera kulikonse kumawonjezera kumasuka. Khalani ndi manati anayi kapena asanu pambali.

Lachitatu

Yodukira mkati ija yadya madzulo awiri. Kuwotcherera m'dzenje lopapatiza chotere kukanawononga mazinga a pakamwa, choncho tinasankha kuboola.

Chovuta apa ndi kupeza pakatikati. Bawuti yoduka imasiya nkhope yopendekeka, ndipo nsonga ya drill imatsetserekera ku hedi, yomwe chitsulo chake cha cast iron n'chosavuta kuboola kuposa bawuti. Tinabwezera manifold ndi mabawuti otsalawo kuti bowo lake litilondolere, tinaika kapaipi kolowa bwino m'bowomo, n'kuboolera mkati mwake ndi nsonga ya mamilimita 3. Yezani kuya kwa dzenje la bawuti ina, mukulunge tepi pa nsonga pamlingo womwewo. Kuseri kwa madzenje ena a hedi kumadutsa madzi oziziritsa injini, ndipo mukapyola mwadzipangira ntchito ina yaikulu.

Drill iziyenda pang'onopang'ono, mukukanikiza mofanana ndi kudontheza oyilo. Ikathamanga nsonga imapsa, ndipo chitsulo cha bawuti chimalimba pamalopo. Tinakulitsa bowo kufika mamilimita 5 ndi nsonga yozungulira chakumanzere, yomwe nthawi zina imakoka bawuti n'kuitulutsa yokha. Apa sizinatheke.

Easy-out, kachitsulo kolowetsa m'bowo kuti kapotokole bawuti yoduka, sitinaigwiritse ntchito, ndipo pa bawuti yogwidwa ndi dzimbiri sindingalangize munthu kutero. Imafutukula bawuti m'dzenje n'kuimanga kwambiri, ndipo poti chitsulo chake n'cholimba koma chosachedwa kuthyoka, ikadukira mkati nsonga wamba siibowola. Imathandiza pa bawuti yoduka chifukwa chomanga mopitirira, yopanda dzimbiri.

Tinapitiriza ndi nsonga ya mamilimita 6, kenako 6.8, womwe ndi mlingo woboolera mazinga a M8 x 1.25 (mazinga otalikirana mamilimita 1.25). Zotsalira za bawuti zinatuluka ngati kawaya kopotana titazikokota ndi kachitsulo kosongoka. Tapu (chodulira mazinga) ya M8 x 1.25 inalowa ndi dzanja, kuzungulira theka n'kubwerera pang'ono kuti tizitsulo tituluke. Mazinga awiri a pakamwa anaphwanyika koma ena onse ali bwino, motero Helicoil (kawaya kopotana kolowa m'malo mwa mazinga owonongeka) sinafunike.

Zotsala

Gasiketi yatsopano ndi mabawuti olembedwa 8.8 pamutu (chizindikiro cha kulimba kwake), ogulidwa ku Limbe. Opanda chilembo asiyeni, ndi ofewa. Nkhope ya manifold tiiyeza ndi rula yachitsulo, chifukwa ikapindika imakoka mabawuti a kumapeto n'kuwadulanso. Pomanga tipaka girizi wa kopa m'mazinga, tiyambira pakati kupita kumapeto. M8 ya 8.8 youma imamangidwa pa 25 Nm (muyezo wa mphamvu yomangira), koma yopakidwa girizi tiimanga pa 20 Nm. Injini ikalira n'kuzizira kamodzi, tidzayesanso iliyonse ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira.