Maso a anthu amene sitikuwaona

Sabata yatha ndinachita nawo maphunziro a pa Zoom ndili kunyumba ku Katoto, ndipo ndinaona chinthu chimene chandikhudza kwambiri. Pamene makamera onse anali oyatsa, ndinkakhala tsonga ngati womvetsera, koma maganizo anga ankathera pa nkhope yanga yomwe inali pakona ya sikirini, ndikulingalira mmene anzanga akundionera m'malo momvera mphunzitsi. Intaneti itayamba kuvuta, tinauzidwa kuti tizimitse makamera, ndipo apo m'pamene ndinamvetsa bwino phunziro lovuta la kawerengedwe ka ndalama, ngakhale kuti anzathu ena anangoti zii, mwina atapita kukachita zina.

Zimenezi si zachilendo. M'chaka cha 1898, katswiri wa za maganizo a anthu, Norman Triplett, anaona kuti opalasa njinga amathamanga kwambiri akakhala ndi anzawo kusiyana ndi akakhala okha, ndipo mu 1965 katswiri winanso, Robert Zajonc, anafotokoza kuti kukhalapo kwa ena kumatilimbikitsa pa ntchito yomwe tinaizolowera, koma kumatisokoneza pa ntchito yatsopano ndi yovuta. Chondidetsa nkhawa n'chakuti pa foni anthuwo sachoka. Kuyambira mu 2014, pamene WhatsApp inabweretsa tizizindikiro tiwiri tabuluu, munthu ukangowerenga uthenga umadziwa kuti wina akudikira yankho, ndipo mtima sukhazikikanso pa buku.

Ndikupempha aphunzitsi athu kuno ku Mzuzu kuti pophunzitsa zinthu zatsopano azilola ophunzira kuzimitsa makamera, n'kuwayatsanso ikafika nthawi yokambirana.